Zikomo inu amene munatisungira mawu athu

Loweruka lapitali tinatulutsa gawo la 100 la pologalamu yathu ya mabuku ndi chikhalidwe, ija imakupezani pa WhatsApp ndi pa Facebook sabata ndi sabata. Nditamaliza kulitumiza ndinakhala pakhonde mpaka usiku, foni ili m'manja, mauthenga akungogwa ngati mango a mu Disembala. Ambiri mukuti tikonze phwando. Phwandolo lidikire kaye mpunga ukololedwe. Lero ndabwera kudzagwada ndi kuwomba m'manja, chifukwa pakanapanda inu omvera, pologalamuyi ikanathera pa gawo la 58, m'matope a ku Dwangwa.

Tinayamba mu Januwale 2023, ine ndi alamu anga, m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba. Makoma tinkawaphimba ndi mabulangete kuti mawu asamamveke ngati ochokera mu mgolo, ndipo tinkajambula usiku ana atagona. Mvula ikayamba kumenya malata tinkangotseka buku n'kudikira. Gulu lathu la pa WhatsApp linali ndi anthu 23, ambiri abale ndi aphunzitsi anzathu. Ife tinkayesa kuti ntchito yathu ndi kuwerenga ndi kufotokoza, yanu n'kumvera. Mwezi usanathe munali mutatiwongola kale.

Oyamba kutidzudzula anali agogo ena a ku Linga ku Nkhotakota, mphunzitsi wopuma ntchito. Tinali titakamba za Nthondo, buku la Samuel Josia Ntara lomwe linatuluka mu 1933. Iwo anatumiza voice note ya mphindi 11 pa foni ya mdzukulu wawo. Zomwe tinanena za bukulo sanatsutse. Dandaulo lawo linali pa kawerengedwe. Anati Chichewa timachiwerenga ngati tikuthamangitsidwa ndi njuchi, pomwe chiganizo cha munthu amene anakulira pa nthano za pamoto chimafuna kupumira pamene mwini wake akanapumira. Kenako anatsegula buku lawo lakale n'kuwerenga okha ndime imodzi, mwachifatse. Ndinaimvera kasanu. Kuyambira pamenepo ndime iliyonse ndimayamba ndaiwerenga mokweza kawiri ndisanayatse maikolofoni. Agogo, kapumidwe kamene anthu akuyamikira masiku ano ndi kanu.

Amayi ena ogulitsa mpunga pamsika wa paboma anatiuza kuti akamamvera ndi anzawo amasochera pakati, chifukwa ine ndi alamu anga mkangano ukafika pokoma timalumphira m'Chingerezi. Anafunsa kuti ngati bukulo ndi labwinodi, likukanikiranji kukambidwa m'chiyankhulo chimene iwo amagulitsira mpunga? Tinasowa poyankha. Tinapangana kuti ngakhale buku likhale la Chingerezi, kukambirana kwake kuzikhala kwa Chichewa chokhachokha. Pokonzekera gawo la Legson Kayira, mnyamata wa kumpoto uja amene anayenda wapansi mpaka ku Khartoum pofuna kukaphunzira ku America, tinatha masiku atatu tikusakasaka mawu oyenera. Gawo limenelo ndi limene makolo ambiri anatiuza kuti anamvera limodzi ndi ana awo.

Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama ya bandulo inayamba kulimbana ndi ya mchere ndi sopo. Asodzi a m'madoko a kufupi ndi Chia anatiuza mosapsatira kuti magawo athu a ola lathunthu akuwathera mayunitsi. Iwo amamvera usiku panyanja, mnzawo wokopa nsomba uja amati siginala atayatsa nyali akudikira usipa, kapena pagombe posoka makoka mwera ukawaletsa kupalasa. Tinafupikitsa gawo lililonse kufika pa mphindi 25 n'kulichepetsa kuti lisapitirire 7 MB. Nthawi yomweyo anyamata obena nyimbo m'misika anayamba kuika magawo athu pa memory card, pakati pa nyimbo za kwaya ndi za dansi. Ena anatiuza kuti tiwaletse poti sanapemphe. Sitinawaletse, ndipo mpaka lero ndimathokoza Mulungu kuti sitinatero.

Gawo limene linatigwedeza kwambiri ndi la Jumbe, mfumu ya Chiswahili imene inkalamulira pa Nkhotakota kalelo. Tonse a kuno timaudziwa mkuyu uja wa pafupi ndi mishoni ya St Anne's, pamene David Livingstone anakumana ndi Jumbe m'zaka za m'ma 1860 n'kumupempha kuti asiye malonda a akapolo. Timadziwanso kuti anthu ankasonkhanitsidwa pano pa Nkhotakota, kuwolotsedwa nyanja pa zombo za matanga, n'kuyendetsedwa wapansi mpaka ku Kilwa, m'mbali mwa nyanja ya mchere. Ife tinakamba nkhaniyi monga tinaiwerengera m'mabuku a kusukulu. Usiku womwewo foni inatentha.

A Shehe ena anati tanena zoona koma theka. Sitinakambe za ulimi wa mpunga, za mawu a Chiswahili amene anatsalira m'kamwa mwa anthu a kunyanja, za Chisilamu chimene chinazika mizu pano m'nthawi imeneyo. Anati mwana wa ku madrasa akamamva makolo ake akutchulidwa pa ukapolo pokha amaweramitsa mutu pakati pa anzake. Mayi wina wa mpingo wa Anglican anati ayi, tafewetsa nkhani. Kholo lina la m'banja mwawo linagwidwa kumtunda ndipo silinabwerere, chotsala ndi dzina lokha limene amapatsirana mpaka lero, choncho iye safuna kumva za mpunga pamene pali misozi. Mnyamata wina wa ku sekondale anawerenga n'kupeza kuti Livingstone tinamutchula ka 14, koma mudzi wopasulidwa sitinautchule ngakhale umodzi. Sabata imeneyo mtima wanga unali wolemera, ndipo ndinafuna kupepesa kwa onse n'kuisiya nkhaniyo. Alamu anga anakana. Anati kandimverere anakanena za m'maluwa, tinyamule chojambulira tikamve tokha.

Tinayenda masabata atatu. Tinakhala pamkeka ndi akuluakulu a ku Linga, tinavula nsapato kumzikiti, tinalowa m'tchalitchi cha All Saints momwe munaikidwa Bishopu Chauncy Maples amene anamira panyanja mu 1895, tinakweranso njinga kumka kumidzi ya kumtunda. Munatuluka magawo atatu, mawu athu ochepa, a eni nkhani ambiri. A Shehe aja ndi mayi uja sanagwirizane, ndipo sindikuona kuti kunali koyenera kuwakakamiza. Onse awiri akadali pagulu lathu. Madzi atatipeza, onse awiri anali m'gulu la oyamba kutifunafuna.

Panalinso ena. Akuluakulu a kudambwe anatichenjeza kuti ngakhale UNESCO inalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, sindiye kuti zonse ndi zokambira pa foni, ndipo tinadula zimene anati tidule. Atsikana atatu a ku sekondale anaunika magawo 30 oyamba n'kupeza kuti mulibe wolemba wamkazi ngakhale mmodzi. Ndi iwowo amene anatibweretsera kabuku kong'ambika chikuto ka Walije Gondwe, ka m'gulu la mabuku otchedwa Pacesetters. Abale athu Achitonga a kumpoto kwa boma lino anatikumbutsa kuti Nkhotakota si wa Achewa okha, ndipo anatitumizira nthano zawo ndi nyimbo zake zomwe.

Si zonse zimene tinavomera. Amene munkafuna kuti tizikamba za zipani tinakukanizani, poti malo okambira zimenezo ndi ambiri kale pomwe okambira mabuku ndi owerengeka. Ana asukulu amene munkapempha chidule cha mabuku a mayeso kuti musawerenge nokha, inunso tinakukanizani, ndipo tidzakukanizanibe, chifukwa timakukondani.

Kumapeto kwa Febuluwale 2024 mvula inagwa masiku otsatizana ndipo mtsinje wa Dwangwa unasefukira. Madzi analowa m'nyumba usiku. Tinanyamula ana ndi agogo awo, mayi anga, zina zonse zinatsala. Pali mabanja amene anataya abale awo pa madzi omwewo, ndiye tsoka lathu sindiliyerekeza ndi lawo. Titabwerera kuchokera kumsasa tinapeza laputopu, chojambulira ndi kabokosi kosungira mafayilo zili m'matope. Mabuku oposa 200 amene ndinasonkhanitsa chiyambire uphunzitsi anali atafufuma, masamba atamatana osatheka kutsegula. Nthawi imeneyo tinkatumiza pa WhatsApp pokha. Foni yanga inapita ndi madzi, ndipo ya alamu anga inali yochepa malo moti ankafufuta gawo lililonse likangotuluka. Magawo onse 58, mawu a akuluakulu a ku Linga, nthano za Chitonga, zonse zinali zitapita. Ndinabwereka foni n'kulemba pagulu kuti pologalamu yatha, zikomo poyenda nafe.

Patapita masiku anayi kunabwera mnyamata wina pa njinga, matope mpaka m'mawondo. Anali mmodzi wa obena nyimbo aja. Anamasula kapepala ka pulasitiki, mkati muli memory card, ndipo anati muli magawo 31. Ndalama anakana. Ndinalira pamaso pa ana anga.

Kuchokera pamenepo zinangotsatizana. Asodzi a ku Chia anatumiza amene anali m'mafoni mwawo, ena mayina atasinthidwa moti tinkachita kumvera kuti tidziwe gawo lake. Namwino wina wa ku Salima anali atawasunga mwa ndondomeko, chifukwa ankawamvera pa ntchito ya usiku. Achimwene ena amene amagwira ntchito ku Johannesburg anali ndi chizolowezi chodzitumizira gawo lililonse pa imelo, ati kuti azimva Chichewa cha kwawo akapukwa. Mwa iwo ndi momwe tinapeza magawo atatu a Jumbe ali athunthu. Pamasabata 6 tinali titapeza magawo 55.

Mabuku nawo anayamba kufika, ena m'makatoni pa minibasi kuchokera ku Lilongwe ndi ku Salima, ena limodzi limodzi m'majumbo. Agogo a ku Linga aja anatuma mdzukulu wawo ndi Nthondo wawo yemwe uja, wokutidwa ndi pepala la khaki, dzina lawo lolembedwa ndi inki pa tsamba loyamba. Ndinayesa kubweza. Anandiyankha kuti maso awo atopa, bukulo lipite kwa amene angawawerengere. Pa Mpamba ndi pa Airtel Money munkalowa K500, K1,000, K2,000, zina zochokera kwa anthu amene nawonso anali atangotaya mbewu m'munda. Tambala iliyonse tinailemba m'kope, ndipo tinawerenga kopelo poyera pa gawo la 59, lomwe linatuluka patadutsa Loweruka 10 opanda kanthu. Ndalamazo zinagula laputopu yogwiritsidwapo kale ntchito ndi maikolofoni imodzi, zomwe tikugwiritsa ntchito mpaka pano. Mtsikana wina wa ku koleji anatiphunzitsa kusunga mafayilo pa intaneti ndi kutsegula tsamba la Facebook, n'kutilamula kuti gawo lililonse lizikhala malo atatu.

Zikomo amayi a ana anga, amene munagona pamphasa m'kalasi masabata onse aja osadandaula, ndipo munali oyamba kunena kuti ndiyambirenso. Zikomo alamu, amene mumapalasa njinga Lachinayi lililonse, mvula kaya dzuwa, kudzakangana nane za mabuku. Zikomo aneba amene mumatsitsa wailesi tikayamba kujambula. Ndipo zikomo inu nonse amene mumatumiza mauthenga okwiya. Munthu amene watha mphindi 11 akukuwongola ndiye kuti wamvera mpaka kumapeto, ndipo tinaona ndi maso athu kuti odzudzula omwewo ndi amene anali atasunga magawo ambiri.

Ndatsala ndi pempho limodzi. Magawo atatu sanapezekebe: la 7, la 19 ndi la 33. La 7 ndi la 33 tikhoza kuwajambulanso, mabuku ake alipo. La 19 sitingathe. Mmenemo munali mayi anga akusimba nthano zitatu za kwawo, akuimba okha nyimbo zake, adzukulu akuvomera kuti tili tonse. Mayi anatisiya mu Ogasiti 2024, ndipo palibe pena paliponse pamene mawu awo anajambulidwa. Mwana wanga wamng'ono wayamba kufunsa kuti agogo ankaimba bwanji.

Chonde, musanafufute memory card yakale, musanagulitse foni imene ili m'kabati, yambani mwamvera zomwe zilimo. Gawolo linatuluka mu Meyi 2023 ndipo ndi lalitali, la nthawi ija tisanayambe kufupikitsa. Limayamba ndi kulira kwa nkhululu panja, kenako kutsokomola, kenako mawu a mayi wachikulire akufunsa ngati kachinthuka kayamba kumva. Mukalipeza musavutike ndi bandulo, ingondiuzani pagulu komwe muli. Ndibwera ndekha kudzalitenga.