FM ndakhoza, koma zimene ndinaona kubanki sindidzaziiwala

Zotsatira zatuluka ndipo pepala la FM (Financial Management, la kayendetsedwe ka ndalama) ndakhoza. Mtima wakhala pansi tsopano, ndiye ndifotokoze ndisanaiwale, makamaka kwa inu amene mukufuna kuyamba ACCA, maphunziro a ukatswiri wa akaunti a bungwe la ku UK, kuno ku Blantyre.

Za kulembetsa pa intaneti sindinenapo, aliyense angathe. Chovuta ndi ndalama, chifukwa zonse zimalipidwa m'mapaundi: yolembetsera, fizi ya pepala lililonse, komanso subscription ya chaka ndi chaka imene imafunika mu Januwale ngakhale usalembe mayeso. Mapepala onse ndi 13. Anzathu a digiri ya akaunti amakhululukidwa mapepala ena, koma exemption imeneyo nayonso ndi yolipira. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama zimene ndinasungira mapepala awiri zinangokwana limodzi.

Koma chimene chinandiwawa kwambiri ndi banki yanga. Khadi linakana kulipira, akuti malire a forex. Ndinapempha kwa abwana theka la tsiku, ndinakwera kabaza kuchokera ku Chilomoni, ndinaima pamzere mpaka masana. Mayi wa pakauntala anandiuza kuti ndibweretse invoice yosindikiza. Mawa lake ndabwera nayo, akuti pakufunikanso kalata yopempha. Bwanji osanena zonse dzulo? Tsiku lachitatu ndinapereka zonse, ndipo yankho linali lakuti, "Achimwene, forex kulibe, muziyang'ana foni tikuimbirani." Foniyo inalira patatha masabata awiri, tsiku lotseka standard entry (kulembetsa mayeso pa mtengo wamba) litadutsa. Ndinalipira late entry, fizi ya olembetsa mochedwa, imene ndi yokwera kwambiri, ndalama ya lendi inathera pamenepo. Abale anga, pitani kubanki mwezi wathunthu tsiku lotseka lisanafike.

Za mabuku. Odziwika ndi a Kaplan ndi a BPP, ndipo atsopano ndi odula zedi. Ine ndinagula study text yakale kwa mnzanga wa ku Limbe, yolembedwalembedwa ndi cholembera chofiira, chikuto chomata ndi selotepi. Pa FM inandithandiza. Koma pa pepala la msonkho, TX ya Malawi, musayerekeze kudalira buku lakale, chifukwa malamulo ndi mitengo ya msonkho zimasintha ndi bajeti ya boma. Ngati ndalama ndi zochepa, gulani exam kit yokha, buku la mafunso oyeserera. Notsi muzipeza pa Study Hub ya ACCA, yaulere kwa wophunzira aliyense wolembetsa, ndi mavidiyo a OpenTuition. Bando yokha ndiyo imadya, ndiye ndinkatsitsa notsi ku ofesi n'kumawerenga pafoni usiku magetsi akazima.

Ndaiwala kunena, mayesowa ndi a pakompyuta. Ulendo woyamba FM ndinalephera, sindinafike pa 50 peresenti yofunikayo, chifukwa ndinkayeserera mu kope, ndipo tsiku la mayeso spreadsheet inandidyera nthawi pa funso la NPV (kuwerengera phindu la pulojekiti pa mtengo wa ndalama wa lero). Yeserani pa Practice Platform ya ACCA, muli ndi wotchi pambali. Kulephera pepala ndi kukalipiranso mapaundi omwewo, kukaimanso pamzere womwewo.

Mayeso amachitika kanayi pachaka: Malichi, Juni, Seputembala ndi Disembala. Ine pepala la SBL (Strategic Business Leader) ndikufuna kulemba mu Disembala, koma kubanki ndikupita Lolemba likudzali, invoice ndi kalata zili kale m'chikwama.