Lipoti la ulendo wa ku phiri la Zomba kukapanga ma eriyo

Loweruka lina m'nyengo yozizira, gulu lathu la okonda wailesi za amateur (wailesi zimene anthu wamba amalankhulirana okhaokha kudzera m'mafunde) linakwera phiri la Zomba kukaphunzira kupanga ma eriyo ndi manja athu. Katundu amene tinanyamula anali wamba: mpukutu wa waya wa magetsi wa m'nyumba, chingwe cha coax cha RG-58 (cholumikizira eriyo ku wailesi), zidutswa za paipi ya PVC, zingwe za nayiloni, batire ya galimoto, ndi kachipangizo koyezera kotchedwa NanoVNA, kamene kamakwana m'thumba la malaya. Tinakhazikika m'mitengo ya paini kufupi ndi damu la Mulunguzi, chifunga chisanatheretu.

Anatitsogolera ndi bambo wina wachikulire amene ali ndi layisensi ya MACRA. Iwo okha ndi amene amaloledwa kulankhula pa wailesi tsiku limenelo. Enafe ntchito yathu inali kudula, kumanga ndi kumvetsera.

Tinayamba ndi dipole, eriyo ya mawaya awiri ofanana kutalika olumikizidwa ku coax pakati, ya bandi (gawo la mafunde a wailesi) ya mamita 20. Masamu ake ndi osavuta: mumatenga 143 n'kugawa ndi frequency imene mukufuna. Pa 14.2 MHz zimatuluka pafupifupi mamita 10, kutanthauza mamita 5 mbali iliyonse. Anyamata ena anatenga pulayazi kuti adule pa 5 penipeni, koma bambowo anawagwira dzanja. "Dulani pa 5.2, ana anga. Waya mukadula sabwerera."

Tinaponya chingwe pa nthambi, n'kukweza pakati pa eriyo, mbali ziwirizo zikutsikira pansi. Titalumikiza NanoVNA, SWR (nambala yosonyeza mphamvu imene ikubwerera kuchokera ku eriyo, imene imafunika kukhala yotsika) yotsikitsitsa inapezeka cha pa 13.5 MHz, kunja kwa bandi, imene imayambira pa 14.000 kufika pa 14.350. Kusiyanako kunaposa zimene masentimita 20 owonjezera aja akanabweretsa, ndipo ambiri tinadabwa. Pulasitiki yokuta waya imachititsa kuti eriyo ioneke yaitali kwa mafunde a wailesi kuposa mmene tepi ikunenera. Nthaka nayo ikakhala pafupi imasuntha zinthu, makamaka nsonga zikatsika kwambiri. Choncho 143 uja amangokufikitsani pafupi; zotsalazo mumazipeza poyeza eriyo itakwera pamalo pomwe idzagwirire ntchito. Kuyeza ili pansi pa udzu ndi kutaya nthawi chabe.

Apa ndi pamene tinakhalitsa, ndipo kwa ine ndi pamene panali phindu la ulendo wonse. Frequency ikatsika kuposa imene mukufuna, ndiye kuti waya watalika. Tinachulukitsa 5.2 ndi 13.5 n'kugawa ndi 14.2, zinatuluka 4.94. Komabe sitinadule. Tinapinda nsonga n'kuikulunga pa waya womwewo, mbali zonse mofanana, kukweza, kuyeza, kutsitsa, kupindanso. Manja anauma ndi mphepo, ndipo okoka chingwe anayamba kung'ung'udza. Pamapeto SWR inatsikira pansi pa 1.5 pakati pa bandi.

Panabuka mtsutso. Mayi wina wa m'gulu mwathu anafunsa kuti, "Nanga abambo, bwanji osangoika tuner n'kusiya kuvutika konseku?" Funso labwino, chifukwa ambirife timaganiza choncho. Yankho linali lakuti tuner, chipangizo choikidwa pakati pa wailesi ndi chingwe cha eriyo, imasangalatsa wailesi yokha, imene imafuna kuona ma ohm 50. Ku eriyo sikusintha kanthu, ndipo SWR ikakwera pa coax yopyapyala ngati RG-58, mphamvu ina imathera m'chingwemo monga kutentha. Pa batire imodzi ya galimoto, mphamvu yotere si yoseweretsa. Mayiwo sanagonje kwenikweni. Anati pa bandi zingapo ndi waya mmodzi tuner idzafunikabe, ndipo apo analondola.

Madzulo asanafike tinapanganso Yagi, eriyo yolunjika mbali imodzi, ya bandi ya mamita 2 ndi zidutswa za tepi yachitsulo yoyezera, tinazimangirira pa PVC. Eriyo ya mtundu umenewu anaipanga Shintaro Uda ndi Hidetsugu Yagi ku Japan mu 1926. Tepi sigwira solder mukapanda kupala penti yake ndi sandipepa, ndipo m'mphepete mwake mumacheka zala. Titaizungulitsa, mawu amamveka bwino kutsogolo n'kuchepa kwambiri kumbuyo.

Kenako bambo aja anaitana pa dipole yathu. Zizindikiro zoitanira za masiteshoni a ku Malawi zimayamba ndi 7Q, ndipo sizimveka kawirikawiri pa bandi, choncho anthu akunja akazimva amalimbirana. Anayankhidwa ndi masiteshoni a ku Ulaya, ena akuitana nthawi imodzi moti amachita kuwasankha mmodzimmodzi.

Tinagwirizana kuti ulendo wotsatira tidzapanga dipole ya mamita 40. Pa 7.1 MHz ifunika waya wopitirira pang'ono mamita 20, ndiye aliyense abweretse chingwe chake chokokera, ndipo tipite mvula ndi mphezi zisanayambe.