Nothing Else Matters yandiphunzitsa kuwerenga mpaka sikisi

Sabata yachitatu ino ndikulimbana ndi Nothing Else Matters, nyimbo ya Metallica, bandi ya heavy metal ya ku America, pa gitala, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndatolapo ndisanaiwale.

Ndisaname, ndinaisankha chifukwa cha ulesi. Poyambira pake dzanja lamanzere siligwira kanthu, umangokhwatcha nsambo ya E yaikulu ija ndi chala chachikulu, kenako G, B, E yaing'ono n'kubwerera, basi E minor yatuluka yokha. Akuti James Hetfield, woyimba wamkulu wa bandiyi, anaipeka uku akuyankhula pa foni ndi chibwenzi chake, dzanja lina lili pa foni linalo pa nsambo, ndipo ukaiyimba wekha umaona kuti nkhaniyi ndi yomveka. Tsiku loyamba ndinadziona ngati katswiri. Lachiwiri ndinafika pomwe pali ma pull-off (kuchotsa chala pa nsambo moikoka kuti ilire) ndi ma slide aja (kutsetsereka ndi chala pa nsambo), manyazi anandigwira.

Koma chomwe chandizunza kwambiri si zala, ndi kawerengedwe. Ine nyimbo iliyonse ndinazolowera kuiwerenga wanu, thu, fili, folo, pomwe iyi ili mu 6/8, umawerenga mpaka sikisi ndipo mphamvu imagwera pa 1 ndi pa 4, ndiye kwa sabata yathunthu ndimaimba manotsi olondola koma ikumveka ngati munthu wotsimphina, osadziwa kuti vuto lili pati mpaka nditayatsa metronome, kachipangizo kogunda tempo, n'kuyamba kuponda phazi. Pa nyimbo zothamanga distortion, kulira kokalipa kwa gitala yamagetsi kuja, imakubisirako zolakwa. Apa ayi, chala chikangokhudza nsambo yoyandikana aliyense wamva.

Mnzanga wina wokonda thrash, metal yothamanga yomwe Metallica inayamba nayo, amaitcha nyimbo ya pa ukwati, akuti Metallica yeniyeni inathera pa chimbale cha Master of Puppets cha 1986 ndi chotsatira chake, zinazi n'zofuna ndalama. Si iye yekha. Black Album, chimbale chomwe muli nyimboyi, itatuluka mu 1991, Bob Rock ali producer, mafani ambiri akale anati bandi yadzigulitsa, ndipo nyimbo imeneyi ndi yomwe ankailoza chala kwambiri poti ili ndi okestra yomwe anakonza Michael Kamen. Penapake ndimamumvetsa, chimbale chija anachikonzadi kuti chilowe pa wailesi. Kungoti madandaulo omwewa analiponso mu 1984 pa Fade to Black, nyimbo yawo inanso yofatsa, lero omwewo amaitamanda.

Ine chomwe chinandisintha maganizo n'choti Hetfield sanailembere bandi, inali yake yapamtima, ya munthu amene ali pa ulendo wautali wa zoimba akusowa wake. Lars Ulrich, woyimba ng'oma wa bandiyi, ataimva ndi amene anaumirira kuti ilowe mu chimbale. Ndipo solo ija sanaimbe Kirk Hammett, wa lead gitala, ngati mwa masiku onse, anaimba mwini wake Hetfield, n'chifukwa chake siithamanga, imakoka nsambo ngati munthu amene wasunga mawu nthawi yaitali ndiye akuwatulutsa mokakamiza. Anthu amaimva ngati nyimbo yachikondi yokoma. Ine ndimamvamo mantha, mwamuna amene anazolowera kukuwa pa siteji tsopano akuyankhula motsitsa, sakudziwa ngati anzake amuseka. Mwina ndikuwerengamo zambiri, kaya, koma ukaimba poyambira paja wekha m'chipinda, nsambo zili zosagwira, umamva ngati wavula malaya pagulu.

Za okestra zija, pa chimbale anaitsitsa kwambiri moti ndinaimva bwino nditavala mahedifoni. Amene akufuna kuimva mokwanira apeze ya pa chimbale cha S&M cha 1999, yomwe anaimba ndi San Francisco Symphony, Kamen yemweyo akutsogolera. Ine ndimakondabe ya 1991.

Pano ndakakamira pa ma harmonic, manotsi olira ngati kabelu, a pa fret 12, kachitsulo ka nambala 12 pa khosi la gitala, chala chimayenera kungokhudza nsambo pamwamba penipeni pa kachitsulo osadinikiza, ine ndimadinikiza, ndiye m'malo mwa kabelu kaja pamatuluka phokoso lakufa. Mnzanga uja anabwera dzulo kuti andiseke, anatenga gitala kuti andionetse kuphweka kwake, nayenso anawerenga mpaka folo.