Kodi mbiri imazungulira ngati gudumu?

Kwa sabata zitatu tsopano ndakhala ndikuwerenga za anthu amene amati mbiri siyenda ngati msewu wolunjika, koma imazungulira n'kubwerera pomwe inachokera. Ndinayamba pofuna kungokonzekera mayeso. Panopa mayesowo ndawaiwala, koma nkhaniyi yakana kuchoka m'mutu.

Amene wandigwira mtima kwambiri ndi Ibn Khaldun, wobadwira ku Tunis mu 1332. M'buku lake lotchedwa Muqaddimah, lomwe analemba mu 1377, ananena kuti ufumu umakalamba ngati munthu. Chimene chimaudzutsa anachitcha asabiyya, ndiye kuti umodzi wa anthu amene avutikira limodzi, ofera mnzawo osawerengera. M'badwo woyamba umachokera kuchipululu, wozolowera njala ndi nkhondo, ndipo umalanda mzinda. Wachiwiri umakulira mumzindamo, umalawa moyo wawofuwofu, komabe unaona ndi maso mmene makolo awo ankakhalira, ndiye kamphamvu kena kamatsalako. Wachitatu sudziwa chilichonse cha kuchipululu kuja. Umakweza misonkho kuti ulipire zosangalatsa, umalemba asilikali aganyu kuti aziumenyera nkhondo, mpaka anthu ena olimba ochokera kunja abwera n'kuulanda. Iye ankawerengera zaka 40 pa m'badwo uliwonse, choncho ufumu wonse pafupifupi zaka 120.

Chimene ndakonda apa si nambalayo ayi. Ndi chakuti akufotokoza chifukwa chake gudumulo limazungulira: kuiwala. Mdzukulu amamva nkhani ya masautso ngati nthano ya madzulo, pamene agogo ake anaimva m'mimba.

Polybius, Mgiriki amene anatengedwa kupita ku Rome mu 167 BC, anali atanena kale zofananako: ufumu wabwino umasanduka nkhanza, olemekezeka ochepa amaugwetsa, ana awo amakhala adyera, anthu wamba amatenga ulamuliro, kenako chipwirikiti, n'kubwereranso kwa munthu mmodzi wamphamvu. Nayenso ankaloza chala ana ndi adzukulu amene analandira zinthu zosazivutikira.

Ndiye pali awiri a ku America, William Strauss ndi Neil Howe, amene mu 1997 anati dziko lawo limagwa m'vuto lalikulu pakapita zaka 80 kapena kuposerapo pang'ono: nkhondo yomenyera ufulu m'ma 1770, nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, kenako kugwa kwa chuma kwa 1929 pamodzi ndi nkhondo yachiwiri yapadziko lonse. Anagawa mibadwo m'mitundu inayi yomwe imabwera motsatizana. Kunena zoona, usiku umene ndinawerenga zimenezi ndinakopeka. Zimakoma kumva kuti mavuto ali ndi kalendala, kuti dzinja likafika pachimake ndiye kuti chilimwe chayandikira.

Koma m'mawa mwake ndinayamba kuona zigamba. Pa nthawi ya nkhondo yapachiweniweni ija, mtundu umodzi mwa inayiyo ukusowa, ndipo olembawo anavomereza okha kuti unadumphidwa. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse ya 1914 mpaka 1918, yomwe inagwetsa maufumu a Germany, Russia, Austria-Hungary ndi Ottoman, siigwera m'nyengo yawo ya vuto lalikulu. Ukasankha wekha mavuto oti uwerenge, gudumu silivuta kulipanga. Ndipo mliri kapena chivomezi sichifunsa kuti ndi m'badwo uti uli pampando. Pajatu chakudza sichiyimba ng'oma.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri n'chaching'ono poyerekeza ndi magudumu akuluakuluwa. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu, Glen Elder, anafufuza miyoyo ya ana a ku California amene anakula pa nthawi ya kugwa kwa chuma kuja. Gulu lina, la ku Oakland, linabadwa mu 1920 ndi 1921. Lina, la ku Berkeley, linabadwa mu 1928 ndi 1929. Vuto lake limodzi lomwelo, mizinda yoyandikana, kusiyana zaka zisanu ndi zitatu zokha. Koma a ku Oakland aja umphawi unawapeza ali osinkhukirapo. Anyamata ankagwira maganyu, atsikana ankasenza ntchito zapakhomo, ndipo ambiri anatulukamo odzidalira, odziwa kuti banja linawafuna. Aang'ono a ku Berkeley, makamaka anyamata, analibe chothandiza nacho. Iwo ankangoyamwa nkhawa ndi mikangano ya makolo, ndipo zipsera zake zinaonekera kwambiri pa iwo akukula.

Ndiye tikamati "m'badwo wa pa nthawi ya mavuto", tikunena ndani kwenikweni? Mwana wa zaka zitatu, mnyamata wa zaka khumi ndi bambo amene wachotsedwa ntchito amagona m'nyumba imodzi, koma aliyense akudutsa m'vuto lakelake. Apa m'pamene ndasiyanirana ndi Strauss ndi Howe, chifukwa iwo amaika anthu obadwa m'zaka pafupifupi 20 m'dengu limodzi n'kuwapatsa khalidwe limodzi.

Katswiri winanso wa za chikhalidwe cha anthu, Karl Mannheim, analemba mu 1928 kuti kubadwa chaka chimodzi pakokha sikupanga m'badwo. Chimaupanga ndi zimene anthu akumana nazo limodzi pamene maso awo akuyamba kutseguka, ndipo iye anati nthawi imeneyo imayamba cha pa zaka 17. Nditawerenga zimenezi ndinabwerera ku mbiri ya Ibn Khaldun kukaonanso zaka. Mliri waukulu wotchedwa Black Death unafika ku Tunis mu 1348, n'kupha bambo ake, mayi ake ndi aphunzitsi ake angapo. Munthu amene anadzalemba kuti maufumu amabadwa, amakalamba n'kufa anali ndi zaka 16 pamene mzinda wake unkaika maliro tsiku ndi tsiku.