Ndalama ya buku ndi mbewu, sakazinga

Buku langa loyamba linandisiya ndi ngongole imene ndinalimbana nayo miyezi 14. Kanali kabuku ka nthano za kwathu kuno ku Angónia, m'dziko la Mozambique, masamba 64, ndipo chifukwa cha phuma ndinasindikiza makope 500 ndi ndalama ya katapila. Ena mpaka lero ali m'katoni pansi pa bedi, chiswe chinalawako. Pa lachiwiri ndinasintha njira.

Ndinayamba ndi kope la ana asukulu ndi cholembera. Ndisanaonane ndi wosindikiza aliyense, ndinazungulira Ulongwe ndi Domwe, kutchalitchi, pamsika, kwa aphunzitsi amene amaphunzitsa ana m'Chinyanja m'makalasi oyambirira, kulemba mayina a ofuna buku. Aliyense ankapereka theka la mtengo, ine n'kumusainira. Izi ndinachita mu Juni ndi Julayi, alimi atagulitsa fodya, soya ndi kachewere. Munthu wakuno ukamupeza ndi buku mu Febuluwale amakuyang'ana ngati wamutukwana, poti ndalama yonse inapita ku feteleza ndipo nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Mayina anakwana 130. Ndinaganiza zosindikiza 200 basi, ngakhale mtima unkati 1,000.

Kenaka kunabwera nkhani yovuta kuposa zonse, yosunga ndalama ija. Ndalama ya anthu ikakhala m'thumba limodzi ndi ya ndiwo, imatha osaiona. Ndinagula simu ina ya Movitel, ndalama ya buku yonse n'kumalowa pa e-Mola, akaunti yawo ya ndalama ya pafoni, ya pakhomo n'kutsala pa M-Pesa. Simuyo ndinapatsa mayi akunyumba kuti azisunga. Sabata ina kumudzi kunagwa maliro a amalume, anthu akuyembekeza kuti ine, poti ndine "wolemba mabuku", ndigula bokosi ndekha. Ndinapempha simu ija usiku. Mayi anapitiriza kusenda kachewere osandiyang'ana.

"Abambo, imeneyi ndi mbewu. Mukaikazinga lero, mudzabzala chiyani?"

Ndinakwiya, koma m'mawa tinagulitsa mbuzi, ndipo achimwene anasonkhako.

Posankha wosindikiza ndinafunsa mitengo mbali ziwiri. Mumzinda wa Tete ndi ulendo wa maola ambiri pa chapa (minibasi) kudzera ku Moatize, pamene Lilongwe ili pafupi ukadutsa pa chipata cha Calómuè kulowa Dedza. Ndinasankha Lilongwe. Koma mtengo umene wosindikiza amakuuza si mtengo wa buku. Ndinawonkhetsa thiransipoti ya maulendo atatu, za pachipata, malipiro a mphunzitsi amene anandikonzera kalembedwe, ndi a mnyamata wojambula chikuto. Ndinaikamonso makope 20 aulere, chifukwa abale sagula buku, amangoti "langa lili kuti?" ndipo apongozi sungawauze mtengo. Zonsezo ndinagawa ndi makope 180, osati 200, kenaka n'kuikapo phindu langa.

Pamene ndinapunthwa ndi pa kwacha. Mu Okutobala 2023 ndinasiya makope 40 m'sitolo ina ku Dedza, pangano lapakamwa, mtengo wa makwacha, kulipira akagulitsa. Mu Novembala Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, dola imene inali pafupi K1,180 n'kufika pa K1,700. Metical yathu inangokhala pomwepo, cha m'ma 64 pa dola. Mwini sitolo anandilipira mu Januwale, ndalama yonse ndithu monga tinagwirizanirana, sindingamunamizire. Koma nditasintha pachipata, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linali litasungunuka. Ndinaima pamenepo n'kuwerenga kawiri, wosintha ndalama akundiseka. Phindu lonse la makope amenewo linathera panjira.

Tsopano aliyense wotenga mabuku anga amasaina pepala. Mtengo timalemba mu meticais ngakhale akhale wa tsidya linalo, ndipo pakatha masiku 30 amabweretsa ndalama kapena mabuku. Sindisiya oposa 10 pamalo amodzi. Ena amati ndauma mtima, eya, koma katoni ya pansi pa bedi ija ndimaiona tsiku lililonse.

Nanga pakhomo timadya chiyani? Osati buku. Ndimamasulira timapepala ta zaumoyo ndi zaulimi kuchoka m'Chipwitikizi kupita m'Chinyanja. Mabungwe salipira munthu wopanda NUIT, nambala ya msonkho, choncho ndinatenga chiphaso changa n'kukalembetsa nambalayo ku ofesi ya misonkho. Amachedwa kulipira, nthawi zina miyezi iwiri, ndiye ntchito ikakula ndimapempha theka ndisanayambe. Ndalama ikabwera, gawo limapita ku chipereganyu chathu cha anthu asanu ndi atatu, chimene anzathu olankhula Chipwitikizi amati xitique, ndipo ndinapempha kuti ine ndizilandira mu Januwale, sukulu zikamayandikira kutsegulidwa komanso chimanga chikakwera mtengo.

Makope 200 aja anatha patapita miyezi 11. Mpamba unabwerera wonse pa simu ija, ndi kapamwamba kokwanira kulipira wokonza kalembedwe wa buku lachitatu. Kope la mayina ndagula kale, ndikungodikira kuti fodya ayambe kugulitsidwa.