Fayilo ya BEM imene inagona m'kabati

Sabata ino inali yotseka mafayilo a anthu amene bungwe lathu la zaumoyo kuno ku England likupempha kuti alandire mendulo za ulemu za boma la Britain. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse: kudula ma citation (malemba ofotokoza zomwe munthu wachita) kuti asapitirire zilembo 3,000, kulondola makalata awiri ochitira umboni, kutsimikiza masiku obadwa. Fayilo imodzi tinaichotsa pamzere chifukwa mwiniwake ali ndi pasipoti ya Malawi yokha. Popeza Malawi inakhala repabuliki mu 1966 ndipo siili pansi pa mfumu ya Britain, mendulo yake ingakhale ya honorary, ya anthu akunja, yomwe imayenda njira ina ndipo siituluka pamndandanda wa chaka chatsopano kapena wa mwezi wa Juni.

Lachitatu ndi limene landiwawa. Anamwino a wodi ina anaimba foni kufunsa za fayilo ya mayi woyeretsa amene anamulembera kuti alandire BEM (British Empire Medal), mendulo ya anthu otumikira kudera kwawo. Mayiyu anakolopa mawodi zaka zambiri, ndipo akaweruka ankakhala pambali pa odwala opanda achibale mpaka atatsirizika. Anamwalira mwezi watha. Fayilo yake inali isanatuluke n'komwe m'nyumba muno.

Mendulo izi sapatsa munthu amene wamwalira, kupatula za kulimba mtima. Nkhani yathera pomwepo, palibe kodandaula.

Titatsata, fayiloyo inakakamira pawiri. Poyamba inabwezedwa chifukwa citation inangoti mayiyu ndi wachifundo, wolimbikira, aliyense amamukonda. Makomiti safuna zimenezo. Amafuna kudziwa anachita chiyani choposa ntchito yomwe amalipidwa, kwa zaka zingati, anathandiza anthu angati, chinasintha n'chiyani. Anamwino ogwira usiku sadziwa kalembedwe kameneka, ndipo palibe anawakhalira pansi. Atakonza okha, fayilo inakadikira siginecha ya mkulu wa dipatimenti, mpandowo n'kusintha munthu, wobwerayo osauzidwa kuti m'kabati muli kanthu. Kaundula wosonyeza tsiku lomwe fayilo yalowa tinalibe. M'nyengo yomweyo fayilo ya OBE (mendulo yapamwamba kuposa BEM) ya bwana wina, yolembedwa ndi a ofesi yofalitsa nkhani, inasainidwa sabata yomwe inafika.

Chopweteka kwambiri n'choti kuyambira 1993, pamene nduna yaikulu ya nthawiyo, John Major, anasintha dongosololi, munthu aliyense akhoza kutumiza dzina mwachindunji ku Cabinet Office, ofesi ya boma yoyendetsa za mendulozi. Anamwinowo akanatha kutero. Ndi ife tinawauza kuti adzere kwathu kuti pempho lilemere. Ngakhale ikafika ku London, fayilo imatha chaka ndi theka, mwina kuposerapo: a misonkho ndi apolisi aione, ilowe kukomiti ya gawo lake, kenako kukomiti yaikulu, kwa nduna yaikulu, n'kufika kwa mfumu. Mwezi uliwonse wotayika kuno umaonjezera pamenepo, ndipo amene wasiya ntchito yomwe akutamandidwa nayo kupitirira chaka mwayi wake umakhala utachepa kale.

Pa zokonza dongosololi, pakamwa pa ambiri pamangokhala mawu akuti Empire (ufumu wa atsamunda), omwe ali m'maina a mendulozi. Komiti ya aphungu inalangiza mu 2004 kuti alowedwe m'malo ndi Excellence, boma silinavomere. Ndikumvetsa amene amakana mendulo chifukwa cha dzinali. Ife a ku Nyasaland wakale sitifunika kuphunzitsidwa tanthauzo lake. Koma BEM anaibwezeretsa mu 2012 kuti ifike kwa anthu ngati mayiyu, ndipo imaperekedwa ndi Lord-Lieutenant, woimira mfumu, kudera komweko, anzake akuona. Kusintha kumeneko sikukhudza kabati ya bungwe, komwe woyeretsa amapikisana ndi bwana wokhala ndi omulembera.

Lachinayi tinatsegula kaundula: tsiku lolowa, ili kwa yani, ndipo ikatha masiku 30 osasainidwa ipite kwa wachiwiri wake. Akuluakulu avomera, ngakhale pempho loti munthu mmodzi azithandiza antchito a m'mawodi kulemba ma citation aliika pambali, ati ndalama palibe.

Lachisanu mafayilo otsalawo anapita. Makalata ochitira umboni a mayi uja tawabwezera kwa anamwino amene anawalemba. Banja silinadziwe kuti kunali pempho, popeza zimenezi zimayenda mwachinsinsi, ndiye asankha okha ngati akawapatse ana ake.