60x60 ndi 525x: manambala a pa katoni amene akutidyera ndalama

Mvula ikayamba, misasa ya m'tchire ku Luangwa imatsekedwa, ndipo ambiri a ife operekeza alendo timabwerera kumtunda. Ine kwathu ndi kuno ku Chipata. Miyezi imeneyi foni yanga sikhalitsa osalandira chithunzi cha katoni ya ma binoculars kapena telesikopu, pansi pake pali funso lomwelo: "Kodi ndigule?" Amandifunsa chifukwa amadziwa kuti ntchito yanga ndimagwira ma binoculars ali pakhosi kuyambira m'bandakucha. Kawirikawiri ndimawaletsa, ndipo chondiletsetsa ndi bodza lolembedwa pa katoniyo. Kutchipa kokha ndilibe nako mlandu.

Ma binoculars alionse ali ndi manambala awiri. Anga ndi 8x42. Nambala yoyamba imanena kuti chinthu chikuyandikira kangati: nkhwazi yokhala pa mtengo wa pa mamita 80 imaoneka ngati ili pa mamita 10. Yachiwiri ndi kukula kwa galasi la kutsogolo, m'mamilimita. Maso a ogula amathamangira ku nambala yoyamba, koma ntchito yaikulu ili pa yachiwiri, pakuti kuwala konse kumalowera pa galasi limenelo. La mamilimita 50 limasonkhanitsa kuwala kuwirikiza kanayi poyerekeza ndi la 25. Kuwala kumene kwalowa ndi komweko basi, ndipo kukuza chithunzi kumangokumwaza. Zili ngati ufa wa phala la ana awiri: mukhoza kuthira madzi mpaka mphika kudzaza, koma ufa ndi womwe uja.

Mukagwira ma binoculars patali pang'ono ndi nkhope n'kuwalozetsa kumwamba masana, mudzaona kadontho kowala pa tigalasi ta kudiso. Kukula kwa kadontho kameneko kumapezeka pogawa nambala yachiwiri ndi yoyamba. Pa 8x42 ndi mamilimita 5 ndi pang'ono, pa 7x50 ndi 7, pa 10x25 ndi 2.5 okha. Mwana wa diso la munthu amatseguka mpaka mamilimita 7 mumdima akakhala wachinyamata, ndipo ife amene imvi zayamba amathera cha pa 5. N'chifukwa chake 8x42 imandionetsa nyalugwe ali pa nthambi dzuwa litalowa kale, pamene mlendo wa 10x25 akungoona mtengo wakuda.

Mwana wa mlongo wanga akukonzekera mayeso a operekeza alendo, ndipo mbalame ndizo zimamuvuta kwambiri. Anasunga ndalama za maganyu a kukumba nshawa, n'kuitanitsa ma binoculars pa intaneti. Anabwera nawo kunyumba akumwetulira.

"Amalume, awa aposa anu. Anu ndi 8, awa ndi 60."

Pa katoni panalembedwa 60x60. Ndinamutuma kukatenga lula mu chikwama cha mng'ono wake. Galasi la kutsogolo, limene limayenera kukhala mamilimita 60, linali cha m'ma 35. Chigoba cha pulasitiki chozungulira galasilo ndicho chinali chachikulu. Kenako tinaima pabwalo n'kuyang'ana khoma la njerwa la aneba, diso limodzi pa galasi, lina lotsegula pambali. Mukachita zimenezi zithunzi ziwiri zimasanjikizana, ndipo mukhoza kuwerenga kuti mizere ingati ya njerwa ya diso lopanda galasi ikulowa mu mzere umodzi wokuzidwa. Tinapeza 8. Chinthucho chinali 8x35 chovala dzina la 60x60.

Chikanakhala kuti 60 ija ndi yoona, zinthu zikanaipiratu. Dzanja la munthu limanjenjemera, ndipo galasi limakuza kunjenjemerako pamodzi ndi chithunzi. Kupitirira 10 kapena 12, ma binoculars ogwira pamanja amavina moti simungawerenge ngakhale nambala ya motoka. Malo amene mukuona amachepanso. Fulagombe, mbalame zofiira zija zimaboola zisa m'magombe a Luangwa mu September ndi October, zimauluka mothamanga, ndipo ndi 60 simungapeze ngakhale imodzi. Onjezani kutentha kwa October kuchigwa, pamene mpweya umawira pamwamba pa mchenga. Galasi limakuza kuwirako.

Mabodza ena ndi osavuta kuwagwira. Katoni ikati "amaona mpaka makilomita 10", dzifunseni kuti kuona chiyani. Diso lopanda kanthu limaona mwezi, umene uli pa makilomita pafupifupi 384,000. Nambala yothandiza ndi ija imati, mwachitsanzo, mamita 130 pa mamita 1,000, chifukwa imanena kutambalala kwa malo amene mukuwaona. Palinso magalasi ofiira ngati magazi amene amati ndi oonera usiku. Utoto wofiirawo umabweza kuwala kwina m'malo mokulowetsa, n'chifukwa chake chithunzi chimaoneka chobiriwira ndi chozimiririka. Chipangizo choonera usiku chenicheni chimayendera batire ndipo chili ndi zamagetsi mkati. Ife tikamayenda ndi alendo usiku mu paki timanyamula getsi lalikulu, ndipo tikanalisiya kalekale galasi lofiira likanakhala kuti limagwira ntchito. Ma binoculars a zoom, aja osinthasintha mphamvu yokuzira, olembedwa 10-180x100 musawaganizire n'komwe.

Chimene chinandiwawa pa ma binoculars a mnyamatayu si manambala okha. Mbali zake ziwiri sizinkaloza pamodzi. Mukayang'ana mtengo wa magetsi, diso lililonse limaona wake, wina pamwamba pang'ono, ndipo ubongo umalimbana kuti uziphatikize. Pakapita mphindi zochepa mutu umayamba kuwawa. Iye anali atakhala nawo milungu ingapo akuganiza kuti vuto ndi maso ake, mpaka kuyamba kunena kuti mwina ntchito ya mbalame si yake. Mnyamata amene amasiyanitsa kulira kwa njiwa zitatu asanaziwone! Apa ndiye pamene ndimakwiyira. Wogulitsa wadya ndalama za maganyu, komanso watsala pang'ono kulanda mwana chikhulupiriro chake pa ntchito imene angaikwanitse.

Za telesikopu ndinaziphunzira mochedwa, kudzera mwa alamu anga amene amaphunzitsa sayansi pa sukulu ina cha ku Katete. Iwo ndi makolo anasonkherana kuti agulire ana chipangizo choonera nyenyezi. Pa katoni panali 525x m'zilembo zazikulu, ndi zithunzi za Saturn wamkulu ngati mbale ndiponso mitambo ya nyenyezi yofiira ndi yobiriwira. M'munsi, m'tizilembo ting'onoting'ono, munali 60 mm ndi 700 mm.

Nambala ya 525 amaipeza motere. Utali wa 700 amaugawa ndi kagalasi ka kudiso ka mamilimita 4, n'kupeza 175. Kenako amaikamo kachubu kotchedwa Barlow kochulukitsa katatu, n'kufika pa 525. Masamu ake ndi olondola, ndipo m'pamene pabisala chinyengo. Odziwa za nyenyezi ali ndi lamulo losavuta: telesikopu siingakuze mothandiza kupitirira kawiri kukula kwa galasi lake m'mamilimita. Ya 60 mm imathera pa 120x, ndiponso usiku wake ukhale wabata, wopanda utsi wa lupsa. Mukapitirira pamenepo simuona chatsopano chilichonse. Pa 525x kadontho ka kuwala kaja kamatsala kachigawo kakhumi ka milimita imodzi, chithunzi n'kukhala chakuda ndi chosaoneka bwino. Dziko nalonso likuzungulira, motero nyenyezi imene mwaipeza movutikira imatuluka m'galasi m'masekondi owerengeka. Mukati mukhudze chubu kuti muitsatire, timiyendo titatu topyapyala tija timagwedezeka, zonse n'kusowa.

Zithunzi za pa katoni nazonso si za chipangizo chimenecho. Zotere zimajambulidwa ndi makina onga Hubble, amene anatumizidwa mumlengalenga mu 1990 ndipo kalilole wake ndi wa mamita 2.4, kapena ndi zombo zimene zinafika pafupi ndi mapulanetiwo. Mitundu yowala ija imatuluka kamera ikasonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali. Diso la munthu pa telesikopu yaing'ono limaona mitambo ya nyenyezi ili yotuwa. Mwana wa giredi 8 amene wauzidwa kuti aona za pa katoni amachoka pa mzere ali wokhumudwa, ndipo usiku wotsatira sabweranso.

Alamu anandiitana Loweruka lina. "Alamu, bwerani mudzaone, mwina ine ndi amene ndikulakwitsa kumanga." Sanalakwitse kanthu. Tinachotsa Barlow ndi kagalasi ka 4 kaja n'kuziika mu kabati. Tinaika ka 20, kamene kamapereka 35x yokha. Pakati pa miyendo tinapachika thumba la mchenga kuti chisagwedezeke. Mwezi unali theka, nthawi yabwino koposa, chifukwa m'malire a kuwala ndi mdima mapiri ndi maenje ake amaponya mithunzi yaitali. Ana anaima pa mzere mpaka aphunzitsi aakulu kuwathamangitsa kuti akagone. Jupiter anaoneka ngati kambale kakang'ono ndi timiyezi take pamzere. Galileo, katswiri wa nyenyezi wa ku Italy, anaona timiyezi tinayi timeneti mu 1610 ndi chipangizo chokuza pafupifupi 20x. Ndiye kuti telesikopu ya alamu inali ndi ntchito yake ndithu, ndipo katoni ikanalemba 35x, ndi chithunzi choona cha mwezi, ana akanasangalala kuyambira usiku woyamba.

M'katoni momwemo munali kagalasi kakuda kolembedwa SUN, komangirira kumbuyo kwa kagalasi ka kudiso. Ndinapempha alamu kuti tikaphwanye ndi mwala pomwepo, ndipo tinatero. Telesikopu imasonkhanitsa kutentha konse kwa dzuwa pamalo amene kagalasi kameneko kamakhala. Kakhoza kusweka mwadzidzidzi diso lili pomwepo, ndipo khungu lake silichira. Amene tinali akuluakulu pa kadamsana wa pa 21 June 2001 tikukumbukira mmene anatichenjezera za kuyang'ana dzuwa. Ngati muli nako kagalasi kotere m'nyumba mokhala ana, katayeni lero.

Kwa amene akufuna kuyamba kuona nyenyezi, ine ndimati ayambe ndi ma binoculars oona a 7x50 kapena 10x50 asanaganize za telesikopu. Kumidzi ya ku Chadiza, Vubwi kapena Lundazi, kumene magetsi sanaphimbe thambo, amaonetsa zambiri. Nsangwe, zimene diso limawerenga zisanu ndi imodzi kapena zisanu ndi ziwiri, zimasanduka makumi angapo. Pafupi ndi Akamwiniatsatana, nyenyezi zitatu zapamzere zija, pali kamtambo kamene nyenyezi zatsopano zikubadwiramo. Chakum'mwera kuli timitambo tiwiri ta Magellan, timene alendo anga ochokera ku Ulaya amakhala asanatiwonepo chibadwire. Muzitsamira zigongono pa khoma kapena pa chishalo cha njinga.

Pogula, pitani ndi lula m'thumba. Pimani galasi la kutsogolo. Onani kadontho ka kudiso ngati n'kozungulira bwino ndiponso kowala monse. Tulukani nawo panja muyang'ane mtengo wa magetsi wakutali, ndipo mukaona iwiri, kapena maso akayamba kukoka, abwezeni pa shelefu. Ogulitsa ambiri m'masitolo athu sanama dala, amangowerenga katoni monga inu. Amene akukana kuti mutsegule ndi kuyesa, musiyeni ndi katundu wake. Mukamagula pa intaneti, pemphani chithunzi cha galasi lula ili pamwamba pake. Akale ogwiritsidwapo kale ntchito, a kampani yodziwika, nthawi zambiri amaposa atsopano a manambala aakulu, bola muyang'ane kuchokera kutsogolo ngati mulibe nkhungu mkati, chifukwa chinyezi cha dzinja chimawononga magalasi.

Musaiwale lisiti. Kuno ku Zambia, lamulo la Competition and Consumer Protection la 2010 limaletsa kunamiza wogula za katundu, ndipo limaletsanso zikwangwani zonena kuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Bungwe la boma loteteza ogula la CCPC (Competition and Consumer Protection Commission) limalandira madandaulo otere. Galasi la mamilimita 35 logulitsidwa ngati la 60 ndi nkhani yosavuta kuifotokoza, pakuti umboni wake ndi katoni, lisiti ndi lula.